Kodi Agogo Adyadi? Kabuku ka Mabanja Amene Akusamala Okalamba

Agogo anga aakazi ankakhala m'kanyumba kawo kumunsi kwa bwalo lathu. Madzulo aliwonse amayi akaomola nsima ankapatula mitanda iwiri, n'kuika ndiwo pakambale, n'kutuma mmodzi wa ife ana kuti akapereke. Mbale zinkabwerako zoyera, ndipo aliyense pakhomo ankati agogo amadya bwino. Ife ana ndife tinkadziwa zoona zake. Agogo ankatema mbamu ziwiri kapena zitatu, n'kususa msuzi, kenaka n'kutikankhira mbale: "Malizani inu adzukulu anga, ine ndakhuta." Mano anali atawatsalira anayi okha, ndipo usipa wouma unkawalasa m'nkhama. Pamene chaka chinkatha, chitenje chinali chitayamba kuwazungulira kawiri, ndipo podzuka pamphasa ankayamba agwira khoma. Anthu ankangoti ndi ukalamba. Tsiku lina m'mamawa anagwa popita kuchimbudzi, ndipo kuyambira pamenepo sanayendenso okha.

Nkhaniyi imandiwawa mpaka lero, chifukwa chakudya pakhomo pathu chinalipo. Chimene chinasowa ndi munthu wamkulu wokhala nawo pansi n'kuona zimene zikulowa m'kamwa. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mbale imene mwatumiza musaiwerengere ngati chakudya chimene agogo adya.

Kufooka kumene timakutcha ukalamba

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anthu 20 aliwonse anali wa zaka 60 kapena kuposerapo. Komabe tikamakamba za kunyentchera, maganizo athu amathamangira kwa ana osakwana zaka zisanu ndi amayi oyembekezera. Iwowa ali ndi tsiku lawo la sikelo. Agogo palibe amene amawakweza pasikelo mpaka atadwalika.

Munthu akamakula, minofu imachepa pang'onopang'ono. Zimenezi n'zachilengedwe. Koma pali kufooka kwina kumene kumathamanga kuposa zaka, kumene kumachititsa kuti kamalungo kapena kachifuwa ka masiku atatu kagoneke munthu mwezi wathunthu. Mu 2001, dokotala wa ku America, Linda Fried, pamodzi ndi anzake, anafotokoza zizindikiro zisanu za kufooka kotereku: kuonda popanda kufuna, kutopa nthawi zonse, kuchepa mphamvu m'manja, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kusiya kugwira tintchito. Munthu wokhala ndi zitatu mwa zimenezi ndiye kuti wafooka kale. Wokhala ndi chimodzi kapena ziwiri ali panjira yopita komweko, ndipo kabuku kano kalembedwa makamaka chifukwa cha iyeyu, pakuti apa m'pamene chakudya chingabweze zinthu m'malo.

Zizindikirozi sizifuna makina. Onani lamba wa agogo aamuna ngati aboola bowo latsopano. Onani ngati agogo aakazi akutha kufinya chovala pochapa, kapena kutsekula botolo la mafuta. Kodi ulendo wa kutchalitchi kapena kumzikiti umene ankayenda osapumira, masiku ano akupumira kangati? Akakhala pampando, kodi amadzuka osagwira kanthu? Ngati kuli kotheka, pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu awayeze pasikelo miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, ndipo muzilemba m'kabuku kawo ka kuchipatala. Munthu wa makilogalamu 50 akatsika ndi makilogalamu atatu pa miyezi isanu ndi umodzi popanda chifukwa chodziwika, musadikire kuti muone mmene zithere.

Chifukwa chake amangolawa

Okalamba ambiri sanena kuti chakudya chawakanika. Amati akhuta. Mukafufuza mupeza kuti mano ndi ogwedera, kapena m'kamwa muli zilonda, kapena malovu achepa moti mbamu imakakamira kukhosi. Lilime ndi mphuno nazonso zimagona, choncho ndiwo zimene inu mukuzimva kukoma, kwa iwo n'zozizira. Mankhwala ena amaumitsa kukhosi kapena kuchititsa nseru. Munthu wodzimbidwa masiku atatu sangakhale ndi chilakolako cha nsima.

Palinso zifukwa zimene si za m'thupi. Agogo amene akulera ana amasiye amadzimana kuti adzukulu akhute. Agogo okhala okha amaona kuti kukoleza moto, kutunga madzi ndi kuvundula nsima chifukwa cha pakamwa pamodzi n'kuvutika chabe, ndiye amangotafuna kachinangwa n'kugona. Amene anaferedwa mnzawo wa zaka makumi anayi amakhala pambale mtima uli kwina. Ena amadzaza m'mimba ndi kachasu m'malo mwa chakudya. Ndipo sitingabise: m'midzi yathu muli okalamba amene anthu anasiya kuwayendera chifukwa chowanamizira ufiti. Munthu amene ana aletsedwa kulowa m'nyumba mwake, amupititsira ndani phala? Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, koma nkhuni ndi madzi adzafika nazo pakhomo paja ndi inu ndi ine.

Nsima yokha siimanga mnofu

Alangizi amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za m'gulu la nyemba, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi zamafuta. Mbale ya agogo ambiri imathera pa magulu awiri, nsima ndi masamba. Gulu limene limasowa kwambiri ndi la zakudya zomanga thupi, pamene ndi limene iwo akulifuna kuposa ife.

Ambiri amadabwa akamva zimenezi. Timaganiza kuti poti agogo salimanso munda waukulu, ndiye kuti safunika ndiwo zabwino. N'zoona kuti nsima safuna yochuluka ngati mnyamata wopita kuganyu. Koma thupi lokalamba limachedwa kusandutsa chakudya kukhala mnofu, choncho limafuna zomanga thupi zochulukirapo. Akatswiri a kadyedwe ka okalamba amalangiza galamu 1 mpaka 1.2 ya mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Agogo a makilogalamu 50 akufunika magalamu 50 mpaka 60. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Kapu ya mkaka ili ndi pafupifupi 8. Kapu yodzaza ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15, ndipo usipa wouma wodzaza dzanja umafika chapomwepo. Nsima nayo imathandizako pang'ono, makamaka ya mgaiwa. Mukawerengetsera muona kuti sizifuna kupha mbuzi. Zimafuna kuti pa chakudya chilichonse, cham'mawa, chamasana ndi chamadzulo, pakhale chinthu chimodzi cha m'gulu limeneli.

Pano ndikufuna ndidandauleko za mawu akuti nkhuli. Agogo akapempha dzira kapena kanyama, timaseka n'kumati akula ndi nkhuli. Nkhuku ikaphedwa, nthuli zofewa zimapita kwa bambo ndi alendo, agogo n'kulandira khosi kapena mwendo umene sangautafune. Tisinthe. Chiwindi n'chofewa ndipo chimawonjezera magazi, choncho chipite kwa agogo. Mazira osagulitsa onse. Ngakhale atatu pasabata asiyidwe.

Chenjezo limodzi: amene anauzidwa kuchipatala kuti ali ndi vuto la impso asawonjezere zakudya zimenezi asanafunse dokotala.

Mtondo ndi sefa zigwire ntchito ya mano

Usipa, bonya, matemba ndi utaka ndi ndiwo zabwino kwambiri chifukwa timadya ndi minga yomwe, ndipo mingayo imalimbitsa mafupa. Vuto ndi kulasa kuja. Kazingani usipa pang'ono pachiwaya mpaka uume gwa, usinjeni mumtondo woyera, sefani, ndipo ufawo muusunge m'botolo louma lotseka bwino. Masupuni aakulu awiri a ufa umenewu mukhoza kuthira mu nkhwani, mu therere, mu msuzi wa tomato, ngakhale m'phala kwa amene sadana ndi fungo lake. Musasinje wambiri nthawi imodzi, wa sabata imodzi ndi wokwanira. Ngumbi ndi mphalabungu zouma nazonso zimasinjika chimodzimodzi pa nyengo yake.

Nyemba, khobwe ndi nandolo muziviike usiku wonse, mutaye madziwo, kenaka muphike mpaka zife. Ngati makoko amawatupitsa m'mimba, achotseni mupange chipere, ndipo muthiremo supuni ya mafuta ophikira. Chipere ndi ndiwo imene munthu wopanda dzino ngakhale limodzi amadya mosavuta. Nyama muiduledule tizidutswa ting'onoting'ono, iphikidwe nthawi yaitali, kapena isinjidwe ikapsa. Nyama ya soya ya m'mapaketi imafewa msanga ndipo ndi yotsika mtengo, koma timapaketi ta zokometsera timene timabwera nayo timakhala ndi mchere wambiri, choncho thirani theka.

Masamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, khwanya ndi chigwada muwadule bwinobwino ndipo muwatendere nsinjiro. Kutendera kumawonjezera mafuta ndi zomanga thupi nthawi imodzi. Pofuna kufewetsa ambiri timathamangira soda kapena chidulo, koma zimenezi zimaononga mavitamini ena. Bola kutchola masamba anthete n'kuphika ndi madzi ochepa mutavundikira. Mtedza wa nsinjiro uzikhala wosankha bwino. Wofota, wowola kapena wachuku utayidwe, chifukwa chuku chili ndi poizoni amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa.

Nsima ya agogo ikhale yofewerapo, ndipo msuzi ukhale wokwanira. Masiku ena sinthaniko ndi futali wa mbatata kapena wa maungu. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Kaphulira, ili ndi vitamini A wambiri, ndipo ikaphikidwa ndi nsinjiro imatsetsereka kukhosi popanda vuto.

Phala lisakhale lamadzi

Phala timaliona ngati chakudya cha odwala, ndiye timaliphika lamadzimadzi, la ufa woyera, n'kuthiramo shuga basi. Phala lotere limadzaza m'mimba koma silisiya kanthu m'thupi. Phala la agogo likhale lolimbirapo, loti silikuyenderera pasupuni, ndipo likhale la mgaiwa. Likamabwadamuka thiranimo masupuni aakulu awiri a nsinjiro. Ngati pali dzira, liswereni m'kapu, litakaseni, ndipo mulithire m'phalamo likadali pamoto mukutakasa mpaka lipse. Ngati pali mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi, uyambe wawiritsidwa.

Mabanja olima soya akhoza kupanga ufa wonga wa Likuni Phala pakhomo. Kazingani soya mpaka asinthe mtundu ndi kununkhira, mupetepo makoko, ndipo musakanize muyeso umodzi wa soya ndi miyeso inayi ya chimanga musanapite kuchigayo. Soya wosakazinga bwino amavuta kugayika m'mimba. Ufa umenewu timaudziwa ngati wa ana, koma palibe chimene chimaletsa agogo kudya phala lomwelo pamodzi ndi chidzukulu chawo.

Pang'onopang'ono koma kawirikawiri

M'mimba mwa wokalamba mumadzaza msanga, ndipo mbale yodzaza tho imawagwetsa ulesi asanayambe n'komwe. Kusiyana n'kuwaunjikira kawiri patsiku, apatseni kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. M'mawa phala lija. Dzuwa likakwera, nthochi yakupsa kapena chidutswa cha papaya, kapena peyala lofinya ndi supuni. Masana nsima ndi chipere ndi masamba otendera. Chakumadzulo kapu ya thobwa kapena chambiko, mwina ndi kachigumu koviika. Usiku nsima pang'ono ndi msuzi wa ufa wa usipa uja. Pa nyengo ya mango, masuku, magwafa ndi masau, ana akatola azikumbukira agogo. Malambe oviika m'madzi owiritsa n'kusefa amapereka vitamini C wochuluka, ndipo zowawasa zotere zimadzutsanso chilakolako cha chakudya.

Powapatsa nsima, alimbikitseni kuyamba ndi ndiwo. Akakhuta msanga, zofunika zikhale zitalowa kale.

Ndipo asadye okha. Munthu amadya zambiri akamadya ndi anzake, akucheza. Ngati mwambo wa pakhomo panu sulola kuti apongozi adyere mbale imodzi ndi mkamwini kapena mtengwa, palibe vuto: akhale ndi mbale yawoyawo, koma munthu wamkulu mmodzi akhale nawo pafupi. Mbale yawoyawo imathandizanso kuona kuchuluka kwa zimene adya, chifukwa pambale ya onse, wotafuna mochedwa amapeza ndiwo zatha. Ana adye kaye kapena adyere pambali, kuti agogo asaone maso a mdzukulu ali pambale n'kugwidwa chifundo.

Chakudya chimamanga mnofu pokhapokha mnofuwo ukugwira ntchito. Chikondi china chimapweteka, chija chomati "khalani pansi agogo, tichita ndife" pa chilichonse. Asiyeni asese pakhonde, atongole chimanga, asankhe nyemba, ayende kukaona anzawo. Kudzuka pampando ndi kukhalanso kasanu kapena kakhumi, kawiri patsiku, wina ali pambali, kumalimbitsa ntchafu zimene zimateteza munthu kugwa. Kuwothera dzuwa la m'mawa nakonso kumathandiza mafupa.

Madzi, mchere ndi tiyi

Okalamba samva ludzu msanga ngakhale thupi litauma. Ena amadziletsa dala kumwa poopa kudzuka usiku, chimbudzi chili kutali, kunja kuli mdima. Zotsatira zake ndi chizungulire, kudzimbidwa, ndiponso kusokonezeka mutu kumene anthu amafulumira kukupatsa mayina ena. Makapu 6 mpaka 8 a zakumwa patsiku ndi abwino, kuwerengera thobwa, mkaka ndi tiyi, ndipo m'miyezi yotentha ya October ndi November awonjezere. Ambiri amwedwe m'mawa ndi masana, madzulo achepe. Ikani botolo la madzi owiritsa kapena othira mankhwala pamalo pamene dzanja lawo lifika, ndipo usiku muwaikire chitini chovundikira m'nyumba. Akatsekula m'mimba ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, muli kukonzeka ulendo wa kuchipatala.

Popeza lilime lagona, agogo amapempha mchere wapambale. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Kwa odwala matenda othamanga magazi zimenezi n'zofunika kwambiri. Kometsani ndiwo ndi anyezi, tomato, adyo kapena madontho a ndimu. Tiyi asamwere pachakudya, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga michere yowonjezera magazi ya m'nyemba ndi m'masamba. Papite ola limodzi. Odwala shuga asathire shuga m'phala, achepetse thobwa lotsekemera, ndipo asadumphe chakudya ngati akumwa mankhwala, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka kukomoka.

Akamatsamwa

Ngati agogo amakhosomola pomwa madzi, kapena mawu awo amamveka ngati muli madzi kukhosi akatha kudya, makamaka amene anadwalapo sitiroko, samalani kwambiri. Chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo. Musawadyetse ali chigonere. Akhale tsonga, msana utatsamira khoma kapena pilo, chibwano chitaweramira pang'ono pachifuwa. Supuni ikhale yaing'ono, ndipo mudikire ameze musanapereke ina. Kwa ambiri otere zakumwa zolimbirapo monga phala zimamezeka bwino kusiyana ndi madzi. Akatha kudya akhalebe tsonga kwa theka la ola, ndipo muone ngati m'masaya simunatsalire chakudya. M'kamwa muzitsukidwa m'mawa ndi madzulo ngakhale mulibe mano.

Kukonzekera miyezi ya njala

Kuyambira December mpaka March, pamene nkhokwe zapepuka, woyamba kuchepetsa kudya pakhomo amakhala agogo, ndipo amachita mwakachetechete. Kukonzekera kumayamba pokolola. Musanagulitse mtedza, soya ndi nyemba, patulani ndowa imodzi kapena ziwiri zimene sizipita kumsika zivute zitani. Futsani masamba pamene ali ambiri, ndipo mfutsowo muuyanike pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la phwee. Kumene kumatayikira madzi a pamjigo kapena otsukira ziwiya, bzalaniko bonongwe ndi mtengo wa papaya. Nkhuku ziwiri kapena zitatu zoikira zikhale za agogo, mazira ake akhale odya.

Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, ndipo ambiri mwa mabanjawa amatsogoleredwa ndi okalamba. Ngati agogo anu amalandira, wowaperekeza asasandutse ndalamazo zake. Gawo lina ligule usipa, mafuta ophikira ndi mazira. Ngati salandira koma mukuona kuti ndi oyenera, kafunseni kwa amfumu kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma lanu.

Inu ana amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, zikomo kuti mumatumiza ndalama pafoni. Koma mukaimba musamangofunsa kuti "Amayi ali bwanji?", chifukwa yankho lake limakhala lakuti ali bwino. Funsani kuti dzulo adya ndiwo zanji, ndipo anakhala nawo ndani. Mukamabwera kumudzi, m'malo mwa zakumwa zotsekemera ndi mabisiketi, nyamulani mkaka waufa, chiponde ndi usipa.

Pamene chakudya pachokha sichikwanira

Kuonda kwina kumachokera ku matenda, ndipo phala lokoma chotani silingachize. Pitani nawo kuchipatala mosachedwa ngati akuondabe chonsecho akudya, ngati akhosomola kwa masabata awiri kapena kutuluka thukuta usiku, ngati akumwa madzi ndi kukodza pafupipafupi, ngati chakudya chikukakamira pachifuwa pomeza, ngati m'manja ndi m'zikope mwayera, ngati mapazi atupa, ngati m'chimbudzi muli magazi, kapena ngati akana chakudya masiku awiri otsatizana. Chifuwa chachikulu, shuga ndi kachilombo ka HIV sizisankha zaka, ndipo okalamba ambiri amachedwa kuyezedwa chifukwa aliyense amaganiza kuti pamsinkhu wawo sizingatheke. Dzino logwedera limene likuwaletsa kutafuna nalonso ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala.

Popita, tengani kabuku kawo ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, a m'golosale ndi azitsamba omwe. Apite ndi munthu amene amakhala nawo pa nthawi ya chakudya, amene angauze adokotala zimene agogo adya masiku atatu apitawa, chifukwa eni ake akafunsidwa adzangoti akudya bwino. Mzere wa kuchipatala umatalika, choncho m'chikwama muikemo botolo la thobwa, nthochi ziwiri ndi dzira lowiritsa.